Mafunso Awiri kwa Wogulitsa Inshuwalansi

Mukayamba nchito, anzanga, adzakufikirani munthu wogulitsa inshuwalansi ya moyo. Ine ndimamfunsa zinthu ziwiri.

Coyamba, ndi ya mtundu wanji? Ina ndi ya zaka zowerengeka. Mtengo wace ngwocepa, koma zakazo zikatha muli moyo simulandira kanthu. Ina ndi ya moyo wonse. Abale anu adzalandira ndarama mukadzafa, kaya ndi liti. Yacitatu imakubwezerani cuma nthawi yopangana ikakwana, cinkana muli moyo.

Caciwiri, ali naco cilolezo kodi? M'Zambia lamulo la 1997, ndiponso latsopano la 2021, linaletsa kugulitsa inshuwalansi popanda cilolezo, ndipo cimacokera ku Pensions and Insurance Authority. Wopanda pepalalo ndimambweza mwaulemu, pakuti wodzalira sindine ai, koma mkazi wamasiye ndi ana ace.