Nyumba Yogula Imaulula Zake Mvula Ikagwa

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito ndimagwira kwathu konkuno ku Thyolo: paboma, ku Bvumbwe, ku Luchenza, nthawi zina mpaka ku Makwasa ndi ku Thekerani. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi amalume, amene ankamanga ndi kukonza nyumba za antchito m'maesiteti a tiyi. Ambiri amaganiza kuti mmisiri amadyera pa nyumba zatsopano. Ine kumene ndimaitanidwa kwambiri ndi kunyumba zimene munthu wangogula kumene, ndalama wapereka, makiyi walandira, kenako nyumbayo n'kuyamba kuonetsa zimene zinabisidwa.

Ogulawo ndimawadziwa. Ena ndi akapitawo a m'maesiteti amene apuma pantchito. M'nyumba ya kampani ayenera kutulukamo, ndiye penshoni yonse amaithira pa nyumba yoyamba imene aipeza. Ena ndi aphunzitsi ndi anamwino ogulira ngongole. Ena ndi anyamata athu a ku Joni, amene nyumba amaionera pa WhatsApp n'kutumiza ndalama kwa mlongo wawo. Onsewa amagula mothamanga chifukwa malo kuno ndi osowa. Nthaka yaikulu ili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda: Satemwa inayamba mu 1923, ndiye pali Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi ena. Kuchepa kwa malo n'kumene kunachititsa kuti kuyambira mu 2004 mabanja ambiri a kuno ndi a ku Mulanje asamukire ku Machinga ndi ku Mangochi pa pulogalamu ya Kudzigulira Malo. Otsalafe timamanga paliponse pamene papezeka: pachitunda chosemedwa ndi khasu, padothi lothira, m'mphepete mwa khwawa. Nyumba ya pamalo otere mu Seputembala imaoneka bwino zedi, makamaka ikakhala kuti penti apaka dzana. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zam'katizo zimaonekera mu Disembala ndi Januwale.

Foni ikalira, mawu amakhala omwewo: “Amisiri, bwerani ndi chipande, khoma lang'ambika, mudzangomatapo.” Ine ndimayankha kuti, “Bambo, lero sitimata, lero tiyang'ana.” Munthu wokhumudwa amafuna kuti chimene chikumupweteka m'maso chichoke msanga, koma kumata tsiku loyamba n'kuononga zinthu ziwiri: umboni wake, ndiponso njira yanga yodziwira gwero la vutolo. Choyamba timajambula ndi foni malo onse, titaika bokosi la machesi pambali pa mng'alu kuti kukula kwake kuoneke, ndipo tsiku timalemba m'kope. Kenako ndimapala penti ndi msomali. Pulasitala watsopano mtundu wake umasiyana ndi wakale, ndipo ukagogoda ndi chala pamene anangoyalapo pamwamba pamalira mopepuka. Ndinatulutsapo mapepala a matumba a simenti opindidwa n'kutsekera mu mng'alu. Mapepala amenewo salowa okha m'khoma. Mboni zimene zinasaina kalata yogulitsirana ziyenera kudzaona ndi maso khomalo lisanakhudzidwe ndi chipande.

Ndisanalembe ngakhale thumba limodzi la simenti, ndimafunsa funso limene ambiri sayembekezera kwa mmisiri: malo ano ndi a yani? Kwathu kuno Alomwe ndi Amang'anja timatsata chikamwini. Mwamuna amamanga kwa mkazi, koma nthaka ndi ya mbumba. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, pamapezeka mkamwini amene amagulitsa nyumba ija mwakachetechete, poti njerwa ndi malata anagula ndi iye. Ndinali pa denga la nyumba ina, malata atsopano titakhoma theka, pamene anafika mwini mbumba ndi azilongo ake. Anandilonjera mwaulemu n'kunena kuti, “Amisiri, tatsikani pang'ono, pamene mukumangapa mpathu.” Wogula anali ndi kalata yolembedwa pamanja ndi mboni ziwiri, koma wa kumbumba panalibe ndi mmodzi yemwe. Ntchito inaima, ndipo malata aja anakhala gawo la mlandu.

N'chifukwa chake ndimati pepala litsogole, simenti ibwere pambuyo. Ngati malo ndi a kumudzi, pitani kwa anyakwawa, mukakhale pansi ndi eni mbumba, dzina lawo lioneke pa kalatayo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsanso makomiti oona za malo m'midzi, ndipo kumene alipo afunseni. Ngati ndi malo a lizi, kafufuzeni ku ofesi ya unduna wa za malo ku Blantyre kuti dzina lolembedwa ndi la yani, kuti nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, ndiponso kuti lendi ya malo inkalipiridwa. Ngati mwini wake anamwalira, funsani amene anapatsidwa mphamvu yoyang'anira chuma chamasiye, chifukwa mwana mmodzi sangagulitse yekha za abale ake onse. Ngati nyumba yayandikira msewu waukulu wa Limbe kupita ku Mulanje kapena malire a esiteti, dziwani pamene malirewo adutsa. Fufuzaninso ngongole zotsala pa mita ya ESCOM, pa mpopi wa Southern Region Water Board ndi kukhonsolo, poti zimenezi zimadikira amene walowa m'nyumbamo.

Zapepala zikayera, mdani woyamba ndi madzi. Thyolo ndi dziko la mvula, n'chifukwa chake tiyi amakula; ndiye mvula ikatha pamabwera chiperoni, mvumbi wa mu Juni ndi Julayi, khoma osapeza mpata wouma. Ndimakonda kukaona nyumba mvula ili mkati. Ndimakwera m'denga ndi tochi, kapena masana ndimatseka zitseko n'kuyang'ana kumene kuwala kukulowera. Malata akale ogulidwa pamsika amakhala ndi mabowo a misomali yakale, ndipo ena amawatseka ndi phula kapena sopo n'kupaka penti pamwamba. Malata opyapyala a geji 32 sachedwa kuchita dzimbiri. Ine ndimalangiza a geji 28 thumba likalola. Msomali uyenera kukhomedwa pamsana pa lata, osati mu ngalande yake mmene mumayenda madzi. Ndimaonanso ngati denga analimangirira kukhoma ndi waya kapena chitsulo, chifukwa denga longosanjikiza njerwa pamwamba mphepo imalinyamula lonse.

Koma madzi oopsa kwambiri sachokera kumwamba. Amachokera kuchitunda kuseri kwa nyumba. Omanga akasema phiri n'kuimika khoma pafupi ndi pamene asemapo, madzi onse a kumtunda amadzaima pamaziko. Chizindikiro chake ndi penti wotuphuka m'munsi mwa khoma mpaka kufika m'mawondo, ufa woyera ngati mchere, chuku kuseri kwa kabati, ndi fungo la chinyontho m'zovala. Ndikakumba pang'ono pambali ndimaona ngati anaika pulasitiki wakuda uja pakati pa maziko ndi khoma, amene amaletsa chinyontho kukwera. Nyumba zambiri zomangidwa mothamanga alibe. Mankhwala oyamba ndi otsika mtengo kuposa onse: ngalande yakuya kumtunda kwa nyumba yotembenuzira madzi kumbali, kuchotsa dothi lounjikana kukhoma, kuwaka kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba kopendekera kunja, ndi kubzala udzu wa vetiva pachitundapo kuti dothi ligwirane. Ndaona nyumba zimene eni ake ankafuna kugwetsa khoma zitauma chifukwa cha khasu ndi fosholo basi.

Ming'alu nayo si yofanana. Ting'onoting'ono ngati tsitsi, tongoyenda pamwamba, kawirikawiri ndi pulasitala amene anauma mofulumira kapena anachulukira mchenga wadothi. Timeneti sitigwetsa nyumba. Umene umandikhalitsa pansi ndi woyambira pangodya ya windo kapena ya chitseko, woyenda chopingasa motsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wooneka mkati ndi kunja komwe. Umenewo umasonyeza kuti mbali ina ya maziko ikutsika, ndipo nthawi zambiri ndi mbali ya kumunsi, yomangidwa padothi lothira losasinjidwa bwino. Zitseko zikayamba kukana kutsekeka, nkhani ndi yomweyo. Kuti ndidziwe ngati ukuyendabe, ndimamata kachigamba kopyapyala ka simenti mopingasa mng'aluwo n'kulemba tsiku pambali. Kakasweka pakapita masabata angapo, nyumba ikuyendabe, ndipo kumata n'kutaya ndalama. Pamenepo timakumba pansi pa maziko chigawochigawo, osaposa mita imodzi nthawi imodzi, kufikira dothi lolimba, n'kuthira konkire, kenako n'kusokerera khomalo ndi zitsulo. Ikakhala nyumba yaikulu kapena yosanja, ndimanena poyera kuti pakufunika injiniya. Imeneyo si ntchito yoyesera mwayi pamene pagona ana.

Chimene chimaliza ogula ambiri ndi kupeza kuti nyumba imene anauzidwa kuti ndi ya simenti, simentiyo ili pamwamba pokha. M'kati njerwa anamangira matope, nthawi zina zosapsa bwino, ndipo pamwamba pa mawindo palibe lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi. Msomali ukalowa mosavuta pakati pa njerwa n'kutuluka ndi dothi lofiira, yankho mwalipeza. Nyumba ya matope si yoipa. Makolo athu akhalamo zaka zambiri pamene denga lili ndi khonde lalitali ndipo madzi safika pakhoma. Choipa n'kuigulitsa pa mtengo wa ya simenti. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa zimenezi. Mvula itagwa masiku otsatizana, makoma ambiri amene ndinaona atagwa anali oterewa: matope m'kati ananyowa, pulasitala n'kusendeka, khoma n'kukhala pansi. Ena mwa amene anangopendekeka anamatidwa, kupakidwa penti, ndipo nyumba zake zinaikidwa pamsika.

Chiswe chimagwira ntchito yake mwakachetechete. Ndimayang'ana timisewu tadothi tokwera khoma, n'kubaya mafelemu ndi matabwa a denga ndi sikuludiraiva. Thabwa la paini losathira mankhwala limaoneka lathunthu kunja pamene m'kati mwatsala mphako. Bulugamu wokhwima amapirira, koma wodulidwa ali wanthete sachedwa. Thabwa lodyedwa sitilipaka mankhwala n'kulisiya. Timalichotsa, latsopano timalithira mankhwala tisanalikweze, ndipo timafunafuna kumene chiswecho chikuchokera, kawirikawiri chitsa chakale chokwiriridwa pansi pa nyumba. Za magetsi sindigwira. Ndikaona mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki m'denga, ndimauza eni ake kuti aitane wamagetsi wachiphaso tsiku lomwelo. Ndimafufuzanso pamene panali chimbudzi chakale, chifukwa chipinda chowonjezera chomangidwa padzenje lokwirira chimadzatitimira.

Zonsezi ndimazilemba papepala motsatana, ndi mtengo wake, chifukwa ndalama ya wogula imakhala itathera pa nyumbayo, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti silogula mwachisawawa. Choyamba ndi chimene chingaphe munthu: khoma lopendekeka, denga lodyedwa, mawaya. Chachiwiri ndi madzi. Chachitatu ndi maziko, ndipo amenewa timadikira chilimwe kuti nthaka iume. Pulasitala, matailosi ndi penti zimabwera kumapeto. Amayi ena anandichonderera kuti tiyambe ndi penti chifukwa apongozi akubwera. Ndinawauza kuti, “Mayi, apongozi akapeza ngalande yokumbidwa bwino adzadziwa kuti nyumbayi yapeza mwini.”

Pepala lomwelo ndi limene wogula amapita nalo kwa wogulitsa. Ndimawalangiza kuti asapite ndi mkwiyo wa zonse pamodzi. Dzimbiri la malata limene linkaoneka tsiku logula, limenelo mwagula nalo. Chimene mvula ya chaka chino yaononga, wogulitsa sanachipange. Koma chimene ankachidziwa n'kuchibisa, monga mng'alu wotsekera mapepala kapena malo a mbumba, pamenepo pali poyankhula. Pitani ndi mboni zanu, zithunzi ndi mtengo wolembedwa, mukakhale pansi pamaso pa amfumu. Ambiri amavomera kubweza gawo la ndalama kapena kugula simenti akaona kuti nkhani yadziwika pamudzi, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe, tsiku lolipira lioneke. Zikakanika, funsani loya, kapena a Legal Aid Bureau amene amathandiza osowa ndalama, musanagumule chilichonse. Ine ndikaitanidwa kukachitira umboni ndimapita, n'kunena zimene ndinaona, osawonjezera kuti ndikondweretse amene wandilemba ntchito.

Mawu anga omaliza akupita kwa amisiri anzanga. Wogulitsa sagwira chipande. Mng'alu uliwonse wobisika umene ndimaupeza unabisidwa ndi mmodzi wa ife. Nanenso amabwera eni nyumba n'kunena kuti, “Achimwene, ingophimbanipo, ogula akubwera Loweruka.” Ndimawapatsa njira ziwiri: tikonze zenizeni, kapena musiye mng'aluwo uoneke n'kutsitsa mtengo. Akakana zonse ziwiri, zida zanga ndimanyamula. Ndalama ya tsiku limenelo imandipita, ndipo kunyumba imafunika. Koma amene adzagone pansi pa khomalo ndi munthu amene wathyola tiyi kapena kuimirira m'kalasi moyo wake wonse kuti apeze pogona, ndipo sadzapezanso ndalama ina yogulira nyumba yachiwiri. Ntchito yophimba tonse titaikana, wogulitsa sangakhale ndi pobisira.