Kimono pa sitima, suti pa Khonjeni

Abale anga a ku Khonjeni, ndi nonse a m'mbali mwa njanji kuyambira pa Luchenza mpaka ku Sandama, ndikulemba tili padoko la Yokohama, nthawi yanga yopuma isanathe. Nkhani yake ndi yaing'ono koma yandisowetsa tulo. Mlongo wanga wamng'ono akukwatiwa mu Okutobala. Nditawauza amalume pa WhatsApp kuti ine ndidzavala malaya osokedwa ndi chitenje, anayamba akhala chete, kenako n'kuti: "Iwe, anthu akudziwa kuti uli kunja. Ukadzatulukira ndi zitenje adzati ntchito inakuthera. Ubwere ndi suti." Sindinawayankhe, paja amalume satsutsidwa pa foni. Ndiye ndati ndidandaule kwa inu.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimaperekera zakudya m'sitima ya pamadzi, zija zonyamula anthu ongoyenda kukaona maiko. Kwathu tikati sitima timanena ija yochokera ku Limbe, yoima pa siteshoni amayi akuithamangira ndi malichero a nthochi ndi chinangwa. Iyi ndi nyumba zosanjikizana zoyandama, moti Ilala yathu itaima pambali pake ingaoneke ngati bwato la asodzi. Chaka chino takhala tikuzungulira madoko a ku Japan.

Pa ulendo uliwonse pamakhala tsiku limodzi kapena awiri oti madzulo ake alendo atchene. Kapepala ka ndondomeko kamanena kuti abambo avale suti yakuda ndi tayi, amayi diresi lalitali, ndipo kumapeto kwake pali mawu akuti amene akufuna angathe kuvala chovala chaulemu cha dziko la kwawo. Mawu amenewa ndinkangowadumpha. Ndinali nditaonapo azibambo a ku Scotland atavala kilt, siketi yawo ija, koma ndinkangoti ndi zofuna kujambulitsa.

Tsiku lina madzulo analowa mayi wina wachikulire, msinkhu wa amayi anga, akuyenda timasitepe tifupitifupi. Anavala kimono yamtundu wa phulusa, maluwa ake oyambira paphewa n'kutsetsereka mpaka kumiyendo osaduka pamsoko. Tebulo lomwe ndinkathirira madzi linangoti zii. Azimayi ovala madiresi onyezimira anamutsatira ndi maso mpaka anakhala pansi. Palibe anamufunsa ngati chimenecho n'chovala chololedwa. Akulu athu a m'chipinda chodyera anamukokera okha mpando.

Pali mtsikana wina wa ku Japan amene amagwira ntchito polandirira alendo, ndipo ndi iye wandiphunzitsa zomwe ndikuuzenizi. Mawu akuti kimono amangotanthauza chinthu chovala. Imasokedwa kuchokera ku mpukutu umodzi wa nsalu, wautali pafupifupi mamita 12 koma wosakwana masentimita 40 m'lifupi. Amaidula mizere yowongoka, osasiya zigamba zambiri ngati atelala athu, ndipo kale pochapa ankaisomola yonse, kuchapa nsaluzo, n'kuisokanso. Lamba wake, yemwe amamutcha obi, amapitirira mamita 4, ndipo amamangidwa kumsana. Kuphazi amavala masokosi oyera ogawanika pachala chachikulu. Povala, mbali ya kumanzere imakhala pamwamba pa ya kumanja. Ukasemphanitsa wadziika m'gulu la akufa, chifukwa ndi mmene amavekera maliro.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti kimono ili ndi makwerero ngati maudindo a pa esiteti. Pamwamba penipeni kwa mayi wokwatiwa pali kurotomesode, yakuda, maluwa m'munsi mokha, ndi zizindikiro 5 za banja lake. Imeneyo amavala mayi wa mkwati kapena wa mkwatibwi, ndipo mnzangayo anaseka nditamufunsa ngati ingavalidwe pa sitima, akuti kumeneko n'kupyola muyeso. Atsikana osakwatiwa ali ndi furisode, ya manja olendewera, imene amavala kwambiri mu Januwale pa mwambo wa achinyamata ofika zaka 20. Imene anavala mayi uja ndi homongi, yochezera kwa anthu olemekezeka. Pansi pali yukata, ya thonje, yopepuka, yovala ukatuluka kosamba kapena popita ku zisangalalo nyengo yotentha. Azungu ena amagula yukata pamsika wa padoko n'kubwera nayo madzulo otchena, akudziona kuti atchena. Eniake sanena kanthu, amangowerama mwaulemu, koma kwa iwo zili ngati munthu wafika pa ukwati atamanga chitenje chopitira kubafa.

Kenako kunabwera chisangalalo cha ife ogwira ntchito, kunsi kwathu kumene alendo safika, ndipo anati aliyense avale za kwawo. Anyamata a ku Philippines anatulutsa barong, malaya opyapyala opetedwa pachifuwa, omwe ngakhale pulezidenti wawo amavala. A ku Indonesia anavala batik, atsikana a ku India sari. Ine ndinafukula chikwama chonse, chomwe ndinapeza ndi jezi yofiira ya Flames. Ndinavala yomweyo, anthu anaombera m'manja, koma mtima unadziwa kuti jezi ya mpira si yankho. Amayi anandipatsa chitenje pochoka, ndimayala pabedi. Ndinachikoloweka paphewa kuti mwina chindithandize. Mnzanga wa ku Indonesia anachigwira, n'kuchitembenuza, n'kuti: "Achimwene, izi ndi za kwathu."

Ndinapsa mtima pang'ono, koma sananame. Maluwa a zitenje anatengera batik ya ku chilumba cha Java. Anthu a ku Holland, amene ankalamulira kumeneko, anayamba kusindikiza nsalu zotere ndi makina, ndipo msika wake unakapezeka ku Africa. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, yomwe inayamba mu 1846, ikupangabe mpaka lero. Kwathu tinali ndi David Whitehead ku Blantyre, ndipo zambiri zomwe zili pamsika wa Luchenza masiku ano n'zochokera kunja. Zathu zenizeni za makolo ndi nyanda ndi zikopa. Mukapita pa Chonde ku Mulanje nthawi ya Mulhako wa Alhomwe mudzaona ovina tchopa, gule yemwe UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, ali ndi nthenga, zikopa ndi katundu kumsana. N'zokongola, koma sindikuona mmene ndingaperekezere mlongo wanga kuguwa nditavala zimenezo. Ine chitenje ndimachiyesabe chathu. Chimanga nachonso chinachokera kutsidya kwa nyanja, koma ndani angauze munthu wa ku Thyolo kuti nsima ndi yachilendo?

Tsono ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene amalume amaonera umphawi pa chitenje. Ndikayang'ana mmene tinakulira, ndikuwamvetsa. Amayi anathyola tiyi zaka zambiri. Ankadzuka kusanache, kumanga chitenje chakale, pamwamba pake pulasitiki yotchinga mame, dengu kumsana. Chitenje chomwecho chinali mbereko, chinali nkhata, chinali mphasa pa maliro, chinali chomangira ufa pochokera kuchigayo. Kapitawo ankavala kabudula ndi jombo. Kalaliki wa pa sikelo ankavala shati yopisira ndi buluku. Tayi tinkaionera patali, m'galimoto. Tiyi wakhala m'Thyolo zaka zoposa 100, Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndiye mibadwo ingapo ya ana a m'maesiteti yakula ikuwerenga udindo wa munthu pa zovala zake. Pa makwerero amenewo chitenje chinali pansi, suti pamwamba. Mwana wa wothyola tiyi akapeza bwino, mudzi umafuna uone tayi.

Ndipo suti ili ndi mbiri yake yomwe sindingaichepetse. Yang'anani John Chilembwe pa ndalama zathu, ali mu jekete ndi kolala. Pa nthawi yake munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo dandaulo limeneli linamveka pa kafukufuku amene boma la atsamunda linachita nkhondo ya 1915 itatha. Kuvala bwino kwa Chilembwe ku Mbombwe kunali kunena kuti nafenso ndife anthu. Kamuzu anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958 ali mu suti, ndipo zaka zonse za ulamuliro wake tinamudziwa ndi suti ya zidutswa zitatu, chipewa ndi litchowa. Amene ankavala nsalu anali mbumba, azimayi omuvinira, nkhope yake ili pachilundu. Mu 1973 kunabwera lamulo loletsa azimayi mabuluku ndi masiketi aafupi, lomwe linatha mu 1993. Choncho azimayi anamangiriridwa ku nsalu, abambo anakopera suti kwa Ngwazi, ndipo kugawana kumeneko sikunathe. Mayi Joyce Banda, pomwe anali pulezidenti kuyambira 2012 mpaka 2014, ankakumana ndi atsogoleri a maiko atavala za chitenje ndi duku, palibe anati ntchito yawathera. Koma tchulani pulezidenti wamwamuna wa kwathu amene analumbira osavala suti. Si ife tokha. Ku Kenya mu 2023 sipikala wa nyumba ya malamulo analetsa aphungu kulowa ndi suti ya Kaunda, ija yopanda tayi, pamodzi ndi zovala za makolo.

Musaganize kuti ku Japan zonse zili bwino. Iwonso mu 1872 boma lawo linalamula kuti pa miyambo ya boma akuluakulu azivala zachizungu. M'mawa pa siteshoni ya Yokohama mumangoona khamu la azibambo a masuti akuda ngati akupita kumaliro amodzi. Pa sitima pano, pa azimayi ambiri ovala kimono, amuna awo amakhala mu suti. Mwamuna wa ku Japan wovala zakwawo ndamuonapo kangapo kokha. Amalume ali ndi anzawo kuno.

Komanso ulemu umene kimono inalandira unaichotsa m'manja mwa anthu wamba. Mnzanga wa ku Japan uja anandiuza kuti iye sangathe kudziveka yekha. Pa mwambo wake wa zaka 20 anachita kubwereka, n'kulipiranso munthu womuveka. Ya silika yeniyeni ndi ndalama zoti kwathu n'kufolera nyumba ndi malata. Mayi wachikulire uja ndinamuona akudya mosamala ngati wanyamula mazira, msana osatsamira pampando kuopa kuphwanya mfundo ya lamba. Ndinakumbuka anganga akumanga chitenje uku akukalipira mbuzi, osayang'ana n'komwe. Mutandifunsa kuti ndisankhe, ndingatenge nsalu imene ikuberekabe ana kusiyana ndi imene imatuluka m'bokosi kawiri pa chaka. Chomwe ndimawasirira ndi chimodzi: anaikonzera nsalu yawo mpando wapamwamba, moti mayi uja polowa sanafunike kupepesa kapena kufotokoza.

Kunena zoona azimayi a kwathu makwerero ali nawo, kungoti sanalembedwe. Pali chitenje cha kumunda, cha kumsika, cha kutchalitchi, ndiye pali chija cha pansi pa sutikesi, chonunkha mankhwala a njenjete, chomwe mwana akachikhudza amalandira khofi. Amayi a Mvano ali ndi yunifomu yawo ndipo sungaivale mwachisawawa. Pa maliro mkazi ngakhale akhale bwana wa ku banki amamanga chitenje pamwamba pa zomwe wavala. Vuto lili kwa ife amuna, tilibe kalikonse. Ndipo onani mmene timagawira masiku: pa chinkhoswe banja lonse limasoketsa nsalu imodzi, timavina, timajambulitsa. Likafika tsiku la ukwati, lomwe timaliyesa lalikulu, zitenje zimabwerera m'sutikesi. Mkwatibwi ali mu diresi loyera lobwereka, mkwati ndi anyamata ake ali m'masuti a pa kaunjika, mapewa ofika m'zigongono, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pofika nthawi ya perekaniperekani thukuta lili chuchuchu, tayi yapita kumbali, koma palibe wovula jekete, akuti n'kupanda ulemu. Masuti amenewo anasokedwera anthu a kozizira amene anatopa nawo.

Ndikudziwa ena munena kuti wapita kunja wayamba matama. Ine zomwe ndimavala pa ntchito ndi jekete yakuda ya kampani ndi kataye kapakhosi, tsiku lililonse, miyezi 8 osapuma. Kwa ine suti ndi yunifomu yonyamulira mbale za anthu ena. Amalume akaiona amaona bwana, ine ndikaiona ndimamva kupweteka kwa mapazi. N'chifukwa chake pa tsiku la mlongo wanga ndimafuna china.

Sindikunena za timalaya tija ta manja aafupi togulitsa kwa alendo, ta njovu ndi mapu a Malawi. Ndikufuna nsalu yolemera, yamtundu wakuda kapena wa buluu wozama, maluwa ang'onoang'ono, manja aatali, kolala yoima, mkati moikidwa nsalu ina kuti igwe bwino pathupi, buluku lakuda losita ndi nsapato zopolisha. Ndatumiza kale ndalama kwa achemwali aakulu kuti akasankhe nsalu ku Limbe. Iwo ali mbali yanga, koma anandichenjeza kuti ndisawatchule kwa amalume.

Suti ndinyamulabe, ndisaname. Ndi amalume amene anayendetsa nkhani yonse ya ukwatiwu ngati ankhoswe, ndipo sindingawachititse manyazi pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha zomwe ndaona ku Yokohama. Mwina kutchalitchi ndilowa ndi suti, kumadyerero n'kusintha. Mwina ndikawaonetsa malayawo madzulo a Lachisanu, atadya, adzafewa. Amene mukudziwa telala pa Luchenza kapena ku Thyolo boma wotha kusoka kolala yowongoka, osati yopotoka ngati khutu la galu, ndiuzeni msanga, miyezi yatsala yochepa. Belu lalira, lero ndi tsiku lotchena, ndikapukute matambula.