Kusaka wonola lumo mu Lilongwe

Mu depoti ya Lilongwe munthu sayenda mowongoka. Uku kondakitala wakugwira mkono, uku wa kabaza akuliza hutala, apo mnyamata wanyamula mazira owiritsa ndi kabotolo ka mchere wa tsabola, ndipo utsi wa dizilo wasakanikirana ndi fungo la chiwaya. Ndinatsika m'mawa, m'thumba la jekete muli lumo lopinda la malemu agogo, limene anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Pachitsulo pake pakuwerengekabe dzina la Sheffield, mzinda wa ku England wodziwika ndi mipeni. Linabuntha kalekale, ndipo ndinkafuna wondiphunzitsa kulinola.

Ndinayambira mu msewu wa Malangalanga, momwe masitolo a zitsulo, utoto ndi misomali anandandalikana mbali zonse. Kuseri kwa sitolo ina mnyamata ankanola zikwanje ndi nkhwangwa pa makina amagetsi, moto ukuthetheka mpaka m'miyendo ya odutsa. Mpeni unali K500, chikwanje K1,000. Ataliona lumolo anatambasula dzanja.

"Bweretsani bwana, mphindi imodzi yokha."

Wokhoma zidebe amene anakhala pambali ndiye anandiletsa. "Musayerekeze, achimwene. Chitsulo chopyapyala chonchi chikatentha chimasanduka chabuluu, ndiye kuti chafewa. Mukanola lero, mawa chabuntha." Mnyamata uja anangoseka n'kutola chikwanje china.

Mu msika waukulu wa ku Area 2 mphuno ndi imene imakutsogolera. Usipa ndi utaka kaye, kenako anyezi, kenako magazi a ku butchala, kumene ogulitsa nyama amakhulitsana mipeni iwiri asanadule. Tinjira take n'topapatiza, ndipo wa wilibala anandiponda chala akukuwa kuti "mseu, mseu!" atadutsa kale. Pa mabenchi a sopo ndi machesi malezala ali mbwee, tsikulo limodzi linali K200. Lumo lopinda palibe ngakhale limodzi.

Ometa ali chakumapeto, m'tizipinda ta malata, aliyense ndi wailesi yake, galasi lake ndi batire ya galimoto pansi pa tebulo podikira kuti magetsi azima. Kumeta mutu kunali K1,500. Wina anandionetsa chimene amakonzera m'mphepete mwa ndevu: chogwirira chopinda chofanana ndi changa, koma chopanda mpeni wakewake. Anamatula lezala latsopano ndikuona, n'kulithyola pakati, theka n'kulilowetsamo. Akamaliza munthu mmodzi amataya. Chifukwa chake aliyense akuchidziwa. Chiyambire pamene Edzi inapezeka m'dziko muno mu 1985, palibe amene amalola kuti chitsulo chomwe chadutsa pakhosi pa mnzake chidutsenso pake, ngakhale uchithire sipiriti wochuluka bwanji. "Za kunola funsani madala a ku mzikiti," anatero.

Ndinawapeza pakhonde la sitolo yotsekedwa, chapafupi ndi mzikiti waukulu uja, atakhala pa mpando wa ndalema, ndevu zili mbuu. Anasiya kumeta anthu, koma mwala anali nawo m'kachikwama, wokulungidwa m'sanza. Analitsegula lumolo, n'kuliunika padzuwa, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono pachikhadabo.

"Alipo analinola ngati mpeni wa kukhitchini, mwanawe. Taona kukhosi kuno."

Anathira madzi pamwala n'kuligoneka lumolo chafulati, msana wake ndi kukamwa kwake zonse zitakhudza mwala. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ponola mpeni timadzutsa msana pang'ono n'kumayerekeza ndi maso, koma lumo analisula ndi msana wonenepa dala kuti msanawo ndiwo uzisunga kupendekeka koyenera. Ukangoudzutsa, wawononga. Analikankha kukuthwa kuli kutsogolo, chopingasa pang'ono kuti chitsulo chonse kuyambira kukhosi mpaka kunsonga chidutse pamwala. Atafika kumapeto analitembenuzira pamsana, osati pakuthwa, n'kubwerera. Kupita kamodzi, kubwera kamodzi, mbali zonse mofanana. Phokoso lake linali laling'ono moti ndinachita kuwerama kuti ndilimve pakati pa ma hutala.

Atandipatsa kuti ndiyese, sanachedwe kundimenya kadzanja. "Usakanikize. Kulemera kwa lumo lenilenilo n'kokwanira. Uziyendetsa ngati ukuchotsa fumbi m'diso la mwana." Anandiuza kuti woyamba kumene azipaka inki ya maka m'mphepete mwa kukuthwa: akayendetsa kangapo n'kuona kuti inki yatsala pena, ndiye kuti pamenepo sipakukhudza mwala, ndipo kupita pa mwala wosalala ntchito yoyambayo isanathe n'kutaya nthawi. Mbali ziwirizo zikumane kaye. Kupukuta kumabwera pambuyo.

Kenako anavula lamba, n'kumukoleka pa chitsulo cha zenera, n'kumukoka kuti ati gwa. Pachikopa lamulo limatembenuka: msana ndiwo umatsogola, kukuthwa kumatsatira, apo ayi udula lamba wako. Atamaliza anakweza mkono wa malaya n'kulidutsitsa. Ubweya unagwa kukhosi kwa lumo kokha. Kunsonga, ayi. "Kwatsalako n'kwako," anatero.

Mwalawo sagulitsa, ndipo sindinawakakamize. Kunja anthu okonda malumo amagula miyala ya ku Japan ya manambala 1000, 4000 ndi 8000, nambala ikamakwera mwala ukusalalanso, kapena mwala wachikasu wa ku Belgium. Madalawo anali ndi njira ya kuno: galasi lochindikala ndi sandipepa wonyowetsa wa openta magalimoto, wa 1000 ndi wa 2000. Galasi n'lofunika chifukwa n'losalala paliponse, pamene miyala yambiri yotchipa ya m'masitolo ndi yokhakhala, yoyenera makasu. Ndinawapatsa K2,000 ya tiyi. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanaiike m'thumba.

Sandipepa ndinampeza pa K1,500 pepala limodzi, chidutswa cha galasi la luva K1,000. Lamba wachikopa chenicheni anali ku kaunjika, tsidya lina, choncho ndinatsikira ku mtsinje wa Lilongwe kumene kuli timilatho tamitengo tolipiritsa. Kamnyamata kanandiimitsa pakati n'kutenga K200. Matabwa ake amagwedezeka, pansi madzi ndi abulauni, odzaza mapepala apulasitiki, ndipo fungo lake silifuna munthu wa m'mimba mopanda kanthu. Mu msika wa Tsoka mayi wina anayambira K6,000, tinatsirizira pa K3,500.

Minibasi ya ku City Centre inadzaza mpaka bondo la munthu wina linali m'nthiti mwanga, ine ndikuteteza galasi pachifuwa. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi asanu. Msewu wa Kenyatta umadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, ndipo mpweya umazizira mwadzidzidzi pamene mitengo yayamba. Ukatsika, khutu limadabwa. Kuli zii. Dera limeneli analimanga mwadongosolo pokonzekera likulu limene linasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo nyumba zake, monga ya Reserve Bank ija yotambalala kumwamba, zinatalikirana moti pakati pake pamamera udzu. Abambo a mataye otsika ku Capital Hill zibwano zili see, koma m'masitolo ndinangopezamo zometera zapulasitiki ndi timitu tosinthira, paketi imodzi mtengo wake kuposa zonse zimene ndinagula ku msika. Mtsikana wa pa kauntala, nditamufunsa za mwala wonolera, anandilozera ku shelefu ya miyala yotsukira mapazi.

Wonola yekhayo amene ndinamuona kumeneko anali wosoka nsapato, pansi pa mtengo pafupi ndi poimika magalimoto. Kampeni kake kodulira soli amakapukuta pa chidutswa cha chikopa chokhomera pa thabwa, msana kutsogolo, chimodzimodzi madala aja. Anandilola kukhala pa kabokosi kake n'kuyala galasi langa. Madzi anandipatsa a m'botolo lake. Dzanja limafuna kuthamanga ndiponso kukanikiza, ndipo kuliletsa n'kotopetsa kuposa kulima. Inki inayamba kuchoka kunsonga dzuwa litapendeka.

Ku Area 10 ndi Area 43 ndinapita wapansi, ndipo miyendo inadandaula, pakuti kumeneko minibasi n'zosowa. Misewu ndi yamithunzi, mipanda yaitali ya njerwa yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, agalu akuuwa osaoneka, alonda akusuzumira pa timabowo ta m'mageti. Wantchito wa m'munda anakhala pa kalavati akunola chikwakwa ndi tupa, ndipo kulira kwa tupayo kumamveka kutali chifukwa kunalibe phokoso lina lililonse.

Pa timasitolo tina ndinalowa mometera mozizira bwino, mipando yachikopa, fungo la mafuta onunkhira, wailesi yakanema ikuonetsa mpira wa ku England. Kumeta mutu ndi ndevu kunali K12,000, ndi thaulo lotentha lomwe. Ndinkayembekeza kuti mwina kuno lumo lenileni lilipo. Wometayo anatsegula kabati, n'kutulutsa lezala, n'kulithyola pakati. Lomwe lija la K200.

Ndiye kuti kuyambira ku msika mpaka kuseri kwa mipanda ya Area 43, wometa anthu ambiri sagwiritsanso ntchito lumo lonola, ndipo ndikuona kuti akuchita bwino. Lumo lotere latsalira munthu wodzimeta yekha kunyumba. Langa tsopano likumeta ubweya wa pamkono kuyambira kukhosi mpaka kunsonga, koma pachibwano likukokabe, chifukwa sandipepa wa 2000 sangafike pamene mwala wosalala umafika. Ngati muli nalo la makolo m'sutikesi ndipo mukufuna kuyamba, mufunika galasi, mapepala awiri ndi lamba; ine zinanditengera K7,500. Muziliumitsa bwino mukamaliza kuti lisachite dzimbiri, muliike patali ndi ana, ndipo musabwereke munthu aliyense, ngakhale mbale wanu.