Limba la Pakamwa la ku Joni

Ku Mitundu, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, kuli mkulu wina amene adabwera ndi limba la pakamwa pochokera ku migodi ya ku Joni. Iye adabwerera kumudzi boma litaletsa Wenela kulemba Amalawi ntchito m'chaka cha 1974. Njinga ndi jasi zimene adabwera nazo zidatha kalekale, koma limbalo lidakalipo.

M'kati mwa limba la zibowo khumi muli timalilime 20 timene timanjenjemera munthu akamauzira kapena kukoka mpweya. Limba la mkuluyu ndi la Hohner, lopangidwa ku Germany, ndipo timalilime take ndi ta mkuwa wosakaniza ndi zinki. Mkuwawu ndi wofewa, kotero kuti umalira ngakhale ndi mpweya wochepa, ndiponso suvuta kupala pokonza mawu ake. Koma monga waya amaduka akamapindidwa kawirikawiri, kalilime nakonso kamatopa: mawu ake amayamba atsika, kenaka kamang'aluka.

Tsiku lina mdzukulu wake wa ku Nathenje adabwereka limbalo kuti aphunzirire. Polibweza patapita mwezi, bowo lachinayi lidali litasasa mawu. Atafunsidwa, mnyamatayo adati mlandu ndi wa mkuwa. Adafotokoza kuti kampani ya Suzuki ya ku Japan imagwiritsa ntchito mkuwa wina wolimbirapo, wosakaniza ndi tini ndi fosiforasi, pamene ya Seydel ya ku Germany idayamba mu 2007 kugulitsa malimba a timalilime ta chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulochi sichida ndi chinyontho cha m'kamwa ndipo chimachedwa kutopa, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera ndiponso n'chovutirapo kupala.

Mkuluyo sadatsutse, pakuti zonsezi zidali zoona. Adangomuuza kuti, “Taimba ndimve.” Mnyamatayo adakoka mpweya mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'khosi idatuluka, ndipo limbalo lidalira ngati mbuzi yogwidwa pakhosi.

“Mdzukulu wanga,” adatero mkuluyo, “mkuwa umenewu wandisunga zaka makumi asanu, koma iwe wautopetsa mwezi umodzi. Ngakhale chitsulo chimathyoka. Kodi ukachithyola udzanamizira chiyani?”

“Nanga ndiziimba bwanji, agogo?” adafunsa mnyamatayo mwamanyazi.

Mkuluyo adamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono kuchokera m'mimba, kutsuka m'kamwa asanaimbe, ndi kugogoda limbalo pachikhatho akatha kuimba kuti malovu atuluke. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mnyamatayo adazindikira kuti mtundu wa chitsulo umangowonjezera masiku a limba, koma mwini mpweya ndiye amalisunga kapena kulipha.

Kalilime kachinayi sikadachire. Mpaka lero mkuluyo akafika pa bowo limenelo amalidumpha, ndipo nyimbo zake za ku Joni zimamveka ndi gwelu, monga mwini wake.