Mpira Umene Ndinalanda

Pamene ndinali mphunzitsi ku Limbuli, tsiku lina ndinapeza atsikana akuseŵera mpira wachikulunga kuseri kwa kalasi. Ndinaŵalanda mpirawo, ndi kuŵauza kuti mpira wamiyendo ndi wa anyamata. Mmodzi, amene ankagaŵira anzake mpira mwaluso, analira.

Ndinamkumbukira mtsikanayo nditamva mbiri ya Rose Kabzere, woseŵera pakati, amene ntchito yake ndi kupatsira omwetsa zigoli. Rose anaphunzira mpira ku Ascent, ku Lilongwe. Mu 2023 anali m'timu ya dziko lathu, Scorchers, imene inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1. Mu 2024 anapita kukaseŵera ku Montpellier, m'dziko la France.

Rose anapeza omulimbikitsa, koma mtsikana wa ku Limbuli uja anakumana ndi ine. Anyamata inu, mtsikana akapempha mpira, mpatsireni.