Nyimbo ya Chijapani pagombe la Makokola

Ndinatsika minibasi pa Makokola Lachisanu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anthu ambiri amadziwa dera limeneli, lomwe lili mumsewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, chifukwa cha mahotela a alendo. Koma kuseri kwa mipanda ya mahotelawo kuli midzi ya asodzi, mathandala oyanikapo usipa, mizikiti, milambe ndi migwalangwa. Kumeneko ndi komwe kumakhala mchemwali wanga, ndipo ine ndinapita kukangomuona.

Ndisanamwe ndi madzi omwe, mwana wake wamkazi, yemwe ali Fomu 3, anandigwadira pafupi. “Amalume, paja inu munaphunzitsako kwaya. Tithandizeni, tagwira njakata.”

Nkhani yake inali yakuti mphunzitsi wawo wa masamu, mayi wa ku Japan, watha zaka zake ziwiri ndipo akubwerera kwawo. Anthu ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera m’dziko muno kuyambira mu 1971, ndipo boma lawo ndilo linathandiza kumanga mlatho wa Bakili Muluzi pamtsinje wa Shire ku Mangochi boma. Mayiyu ankatsalira ndi atsikana masana kuwabwereza masamu pomwe ena mwa iwo anali atatsala pang’ono kusiya sukulu. Tsono mwana wa mchemwali wangayo ndi anzake awiri anafuna kumutsanzika Lachitatu pomuimbira nyimbo ya m’chinenero chake, mwa njira ya karaoke.

Kwa amene simunaionepo, karaoke ndi kuimba motsatira zing’wenyeng’wenye zokhazokha, mawu a woimba atachotsedwa, inu n’kumawerenga mawuwo pakanema. Inayambira ku Japan komweko cha m’ma 1970, ndipo dzinalo limachokera ku mawu awiri otanthauza gulu la zoimbira lopanda woimba. Ku Makokola sinafune zambiri: foni, bando ya intaneti ndi kasipika kotchaja ndi sola.

Madzulo tinapita kumchenga. Patsogolo pathu panali chilumba cha Boadzulu, miyala yake itayera ndi zitosi za mbalame. Atsikanawo anali atasankha kale nyimbo, “Gurenge” ya LiSA, yomwe amaidziwa kuchokera m’katuni ya Demon Slayer. Itangoyamba ndinadziwa kuti sizitheka. Nyimboyo imathamanga ngati galimoto yopanda mabuleki, ndipo imakwera mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Anayesa “First Love” ya Utada Hikaru, ya mu 1999. Imeneyi ndi yodekha, koma imayamba pansi kwambiri kenaka n’kukwera mwadzidzidzi, komanso yasakaniza Chingerezi. Ana amene anatizungulira anayamba kuseka. Mwana wa mchemwali wanga anaika foni pansi. “Basi amalume, ine sindiimba. Tikangochita manyazi pagulu.”

Ndinawauza zimene ndinkauza anthu a kwaya. Nyimbo imene umaikonda kumvera si nthawi zonse imene ungathe kuimba. Posankha, yambani mwaona liwiro lake: kodi mukupeza mpata wopuma? Kenaka muone kutalika kwake: pomwe yatsikitsitsa ndi pomwe yakweretsetsa pasatalikirane. Ikhale ndi kolasi yobwerezabwereza, kuti ngakhale mwasokonekera pavesi muzikumananso pakolasi. Ndipo mudziwe chimene ikunena, kuopa kutsanzika mphunzitsi ndi nyimbo ya chibwenzi chotha.

Pofufuza tinapeza ziwiri. Yoyamba ndi “Mirai e”, ya mu 1998, yoimbidwa ndi Kiroro, amayi awiri a ku Okinawa. Dzinalo likunena za tsogolo, ndipo nyimboyo ndi ya mwana wokumbukira chikondi cha mayi ake. Imayenda pang’onopang’ono, ndipo pomwe yakwera tinapeza karaoke yake ina yotsitsako mawu. Yachiwiri ndi “Ue o Muite Arukō” ya Kyu Sakamoto, ya mu 1961, imene inafika pa nambala 1 ku America mu 1963 ndi dzina loti “Sukiyaki”. Iyi ndi yaifupi, ndipo ili ndi chigawo cha likhweru chomwe aliyense angalowepo.

Chimene chinandidabwitsa ndi pomwe ndinayamba kukopera mawu a nyimbozo m’kope, m’zilembo zathuzi. Chijapani chili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, monga Chichewa. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi vawelo, ngati mmene timanenera “ma-ko-ko-la”. Liwu la “tsu”, limene Azungu amavutika nalo, ife timalitchula tsiku ndi tsiku m’mawu ngati “tsuka”. Ngakhale vuto lathu lija losakaniza “l” ndi “r”, limene aphunzitsi a Chingerezi ankatikwapulira, kuno ndi mwayi, chifukwa “r” wa Chijapani ali pakatikati pa ziwirizi. Atsikanawo anawerenga tsamba lonse osakakamira paliponse, ngakhale sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Chofunika kusamala ndi mavawelo otalika basi, chifukwa kufupikitsa vawelo kungasinthe tanthauzo la mawu.

Azana italira kumzikiti tinazimitsa sipika, ndipo mmodzi mwa atsikanawo anapita kukaswali. Pobwera mdima unali utagwa, nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati tauni ina. Anayambanso “Mirai e”. Ulendo woyamba anathamangira patsogolo pa zoimbira. Ulendo wachitatu anafika pakolasi onse pamodzi. Ana oseka aja anakhala pansi, ndipo bambo wina amene ankasoka ukonde chapafupi anafunsa ngati nyimboyo ndi ya Chitonga kapena Chilomwe.

Loweruka lonse anaimba akutsuka mbale ndi kuchapa kunyanja, mpaka mchemwali wanga anadandaula kuti nayenso yamulowa m’mutu. Ine ndinanyamuka Lamulungu m’mamawa ndi kathumba ka usipa wouma, chifukwa ntchito inkandidikira ku Limbe.

Lachitatu usiku ndinalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Phokoso linali lambiri, sipika ikukhosomola, ndipo pavesi yachiwiri mmodzi anasochera. Koma pakolasi anakumananso, ndipo chapansipansi munkamveka mawu achinayi, a munthu wamkulu, akuimba nawo monjenjemera. Kumapeto mwana wa mchemwali wanga anangoti, “Amalume, madamu analira. Akuti nyimboyi anaiimba tsiku lomaliza sukulu kwawo.”

Atsikana amene mukufuna kuyesa karaoke ya Chijapani, musaope chinenerocho, lilime lathu linachizolowera kale. Nyimbo zothamanga zija muzisiye kaye, muyambe ndi yomwe ikukupatsani mpata wopuma.