Beta ndimaika pa kompyuta imene sindingailire

Pa benchi langa pamadutsa malaputopu a ana asukulu, a m'maofesi ndi a eni mashopu, ndipo ambiri amabwera ndi matenda odziwika: batire yatha mphamvu, sikirini yasweka, fani yatsekeka ndi fumbi. Koma chaka chilichonse, makamaka mu June kampani ya Apple ikaonetsa zatsopano, kapena Microsoft ikalengeza Windows ina, kumabwera anthu amene makina awo ali bwinobwino. Aona pa YouTube mmene zatsopanozo zikuonekera, mtima wapita. "Achimwene, tandiikireniko yatsopano ija." Ndikafunsitsa ndimapeza kuti akunena beta, pulogalamu yoyendetsa kompyuta kapena foni imene eni ake sanamalize kuikonza, angoitulutsa kuti anthu aiyese n'kunena pamene ikulakwitsa.

Funso langa limakhala limodzi: makinawa akakana kuyaka mawa m'mawa, mutaya chiyani? Wina amati kafukufuku wake wa digiri ali momwemo. Wina amati ndi mmene amalembamo ngongole za makasitomala. Akatero ndimakana, ngakhale atanena kuti alipira. Beta ili ngati ndiwo zimene zikadali pamoto: wophika amalawa kuti amve mchere, koma sapakulira alendo.

Microsoft inatsegula Windows Insider mu 2014, pamene inkakonza Windows 10, ndipo pofika 2023 munthu ankasankha njira imene akufuna: Canary, Dev, Beta kapena Release Preview. Canary ndiyo yaiwisi kwambiri, Release Preview ndiyo yayandikira kupsa. Kulowa n'kosavuta, umangodina malo angapo mu Settings. Kutuluka ndiye nkhani. Windows imasunga yakale ija mufoda ya Windows.old kwa masiku 10 okha, ndipo akakwana fodayo imafufutidwa. Amene ali pa Canary akafuna kubwerera, nthawi zambiri palibe kuchitira mwina koma kufomata n'kuyambira pachiyambi. Komanso zoyeserera zoterezi zili ndi tsiku lothera ntchito. Ukaisiya laputopu miyezi ingapo osailumikiza pa intaneti, monga amachitira ambiri kuno chifukwa cha mtengo wa bandulo, umaipeza ikudandaula kuti nthawi yake yatha.

Pa mafoni ndi chimodzimodzi. Bakapu imene iPhone yasunga ili pa iOS yatsopano siingabwezedwe pa iOS yakale, ndiye amene sanasunge ina pa kompyuta asanaike beta amabwerera chimanjamanja. Pa mafoni a Pixel, kutuluka mu Android Beta pakatikati kumafufuta zonse za mufoni. Ndipo mapulogalamu a mabanki ndi otumizira ndalama nthawi zina amakana kutseguka pa beta, chifukwa owakonza sanawayesebe pamenepo. Kwa mayi amene malonda awo onse amayendera pafoni, tsiku limodzi lotero ndi chakudya cha ana.

Nkhani imene ndimakonda kuuza achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito ndi ya October 2018. Microsoft inatulutsa Windows 10 ya nambala 1809, koma patangopita masiku ochepa inaiimitsa chifukwa inkafufuta mafayilo a anthu ena mufoda ya Documents. Vutolo linkagwera amene anasamutsira fodayo kwina koma n'kusiya mafayilo ena pamalo akale. Windows inkaona ngati malo akalewo ndi opanda kanthu n'kuwasesa. Inatulukanso mu November. Chimene chimandikhudza n'chakuti anthu oyesa beta anali atanena kale za vutoli, koma mawu awo anakwiririka pakati pa madandaulo ena ambirimbiri. Ngati zoterezi zinafika mpaka pa Windows imene amati yapsa, nanga bwanji imene eni ake akuchenjeza okha kuti sinathe? Ndipo oyamba kutaya mafayilo anali oyesawo.

Ena amaganiza kuti pulogalamu singawononge chitsulo. Mu 2008, Linux yoyeserera ya 2.6.27 inali ndi vuto limene linkawononga kachikumbutso ka m'makhadi ena a netiweki a Intel ogwiritsa ntchito dalaiva ya e1000e, moti khadiyo inkasiya kugwira ntchito ngakhale utabwezera pulogalamu yakale. Sizichitika kawirikawiri, koma zinachitika.

Ineyo beta ndimaika, ndipo ndimaikonda. Ndiyenera kudziwa zimene zikubwera makasitomala anga asanakumane nazo. Koma ndili ndi kompyuta yakale pakona imene ntchito yake ndi yomweyo, mulibe chithunzi cha mwana ngakhale chimodzi. Ndikangofuna kuona maonekedwe, ndimaiika mu VirtualBox, mmene imayenda ngati kompyuta ina mkati mwa kompyuta, ndipo ikasokonekera ndimangoifufuta. Kuipa kwake n'kwakuti mmenemo sudziwa bwino ngati pulinta, sikana kapena khadi ya zithunzi zigwire ntchito, ndipo madalaiva ndiwo amavutitsa kwambiri kuno, kumene pulinta ya zaka khumi ikadali msana wa shopu yosindikiza.

Munthu akaumirira, ali ndi chifukwa chomveka, mwina amalemba mapulogalamu ndipo akufuna kuyesa ake, timayamba ndi njira yobwererera. Ndimakopera hadi disiki yonse ndi Clonezilla pa disiki ina yakunja, kenako ndimatsegula mafayilo angapo m'bakapuyo mwini wake akuona, chifukwa bakapu imene sunaiyese sungaidalire. Disikiyo ndimaizula n'kumupatsa apite nayo kunyumba. Ndimakonzeratu fulashi ya Windows yokhazikika ndi Rufus, n'kusunganso madalaiva a netiweki pambali, popeza kompyuta yopanda dalaiva ya Wi-Fi singathe kudzitengera yokha pa intaneti. Kenako BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amakhala atakhoma disiki mwini wake osadziwa, ndipo zinthu zikasintha poyaka amafunsa kiyi ya manambala 48. Imapezeka mu akaunti ya Microsoft, koma ambiri akauntiyo anawatsegulira ndi wogulitsa, pasiwedi saidziwa. Popanda kiyiyo ngakhale ine sindingatulutse kanthu. Ndiye timailemba papepala tisanakhudze chilichonse.

Za magetsi sindinyengerera. Batire ikhale yodzaza, chaja ili pakhoma, ndipo kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS. Magetsi akathima pulogalamu ili pakati polowa, makamaka ikamasintha BIOS, makina amatha kufa osadzukanso mpaka titatsegula bodi. Ndimamuuzanso za bandulo: Windows 11 yokha imaposa magigabaiti 5, ndipo pa Canary ndi Dev zatsopano zimabwera pafupifupi sabata iliyonse. Ambiri akamva zimenezi chilakolako chimazirala.

Amene watsala nditamuuza zonsezi ndimamupempha chinthu chimodzi: akaona cholakwika alembe mu Feedback Hub, kapena mu Feedback Assistant ngati ali pa Apple, afotokoze zimene anachita, mtundu wa makina ake ndi nambala ya beta imene ali nayo. Makina amene timagwiritsa ntchito kuno ambiri ndi akale, ogulidwa atagwirapo ntchito kunja, ndipo mavuto awo sangadziwike ku Microsoft kapena ku Apple ngati ife amene tili nawo sitinena. Enawo ndimawauza adikire yeniyeni ituluke, papitenso mwezi umodzi kapena iwiri, ndiyeno abwere ndi laputopu yawo pamodzi ndi chaja ndi disiki ya bakapu.